Tweeter ya sipika yakumanzere ikusasa mawu pa piyano: ndigule yatsopano kapena ikonzeka?

Wokonda Jazz, Area 47

Moni kwa nonse. Ndikupempha nzeru ndisanatulutse ndalama. Ndili ndi masipika awiri aakulu oima pansi, opangidwa ku Britain chakumapeto kwa zaka za m'ma 1980, ndipo sipika iliyonse ili ndi tweeter (kasipika kotulutsa treble) ya dome (kachipewa kogwedezeka kakutsogolo) yansalu ya mamilimita 25. Posachedwapa yakumanzere yayamba kusasa mawu. Kusasako sikumveka nthawi zonse. Kumabwera woimba piyano akagunda mwamphamvu manotsi a kudzanja lamanja, komanso woimba wamkazi akatchula mawu okhala ndi "s", ndipo kumamveka ngakhale voliyumu ili pakatikati. Kuwonjezera apo, mbali imeneyi yafooka pa mawu okwera, kutanthauza treble, moti woimba amene kale ankamveka pakati penipeni tsopano akumvekera chakumanja. Ampulifaya yanga imatulutsa mawati 80 mbali iliyonse pa 8 ohm. Wogulitsa wina wandiuza kuti tweeter yapsa, ndigule ziwiri zatsopano. Kodi tweeter yopsa imatha kumalirabe?

Mkonzi wa ku Limbe

Bambo, musagule kanthu kaye. Wogulitsayo wagamula mlandu asanamve mboni, chifukwa kusasa kumene mukukumva pa tweeter kungathe kubadwira kwina kulikonse, kuyambira pa nyimbo yeniyeniyo mpaka pa ampulifaya, ndipo tweeter n'kungokhala ikubwereza mokhulupirika zimene yapatsidwa. Yambani ndi kumvetsera chigawo chomwecho cha nyimbo pa mahedifoni abwino. Ngati kusasako kulipo pamenepo, masipika alibe mlandu. Ngati kulibe, zimitsani ampulifaya, musinthanitse mawaya a masipika kumbuyo kwake, kuti sipika yakumanzere ilandire mbali yakumanja ndipo yakumanja ilandire mbali yakumanzere. Vuto likasamukira ku sipika inayo, ndiye kuti lili mu ampulifaya kapena m'chipangizo chimene chikuidyetsa. Likatsalira pa bokosi lomwelo, tiyamba kukamba za bokosilo. Chonde muzimitse makina musanagwire mawaya, chifukwa mawaya awiriwo akangokhudzana ampulifaya ili yoyaka, mukhala ndi mavuto awiri m'malo mwa limodzi.

Mnyamata wa Zimbale

Akuluakulu, ndiloleni ndifunse kuti nyimbozo zikuchokera pa chiyani. Ngati ndi zimbale za vinyl, zizindikiro zimene bambowa afotokoza ndi zimene singano yotha kapena yoikidwa mokhota imachita. Chakumapeto kwa mbali ya chimbale, mzere umadutsa pansi pa singano pang'onopang'ono kusiyana ndi kumayambiriro, choncho mafunde a mawu okwera amakhala opanikizana ndipo singano imavutika kuwatsata. Komanso anti-skate, mphamvu yoletsa mkono wa singano kukokera chapakati pa chimbale, ikapitirira muyeso, mbali yakumanzere ndi imene imayamba kusasa, ndipo ikachepa imasasa ndi yakumanja. Vuto la mbali imodzi chotero limanamiza anthu ambiri kuti tweeter yafa.

Wokonda Jazz, Area 47

Zikomo a Mkonzi ndi inu achimwene. Ndimamvetsera ma CD ndi mafayilo a pa kompyuta kudzera mu DAC (chipangizo chosandutsa nyimbo za digito kuti zilowe mu ampulifaya), zimbale za vinyl ndilibe. Pa mahedifoni piyano ikumveka bwinobwino. Ndasinthanitsa mawaya monga mwanenera, ndipo kusasako kwatsalira pa bokosi lakumanzere ngakhale tsopano likuimba mbali yakumanja ya nyimbo.

Achimwene a ku Leeds

Ndiye kuti wogulitsa uja sanalakwitse kwambiri. Ine ndikuona kuti ampulifaya ya mawati 80 ndi yaing'ono kwa masipika oima pansi, ndipo ampulifaya yaing'ono ndi imene imapha ma tweeter, osati yaikulu. Munthu akakweza voliyumu kupitirira mphamvu ya makinawo, nsonga za mafunde zimadulidwa, zimene akatswiri amazitcha clipping, ndipo mafunde odulidwawo amabala mawu okwera ambiri amene crossover, chigawo chimene chimagawa mawu pakati pa masipika a m'bokosi, imawapereka onse kwa tweeter. Koyilo ya tweeter, imene imayendetsa dome, ndi ya waya wochepa ngati tsitsi, singapirire mawati ochuluka kwa nthawi yaitali. Bambo, ngati panachitika phwando panyumba posachedwapa, funsani amene anali pafupi ndi voliyumu.

Mayi Injiniya, Johannesburg

Achimwene a ku Leeds anena zimene zimanenedwa kawirikawiri, ndipo mbali ina ndi zoona, koma masamu ake sakwanira paokha. Funde likadulidwa mpaka kukhala la makona anayi, limabala mafunde owonjezera otchedwa ma harmonic, othamanga ka 3, ka 5 ndi kupitirira poyerekeza ndi funde loyambalo, pa manambala osagawika ndi 2 okha: lachitatu limakhala gawo limodzi mwa magawo 3 a funde loyambalo, lachisanu gawo limodzi mwa magawo 5, ndipo amapitirira kuchepa motero. Tiyerekeze kuti besi ya 100 Hz ndi imene yadulidwa. Kuti mufike pa 3 kHz, pamene tweeter zambiri zimayambira kugwira ntchito, mukhala muli pa harmonic ya cha m'ma 30, imene mphamvu yake ndi yochepa kwambiri. Chimene chimawonjezera kutentha ndi chakuti munthu akamapitiriza kukweza voliyumu, besi imaima pa malire a ampulifaya koma mawu okwera a m'nyimbo amapitiriza kukula, chifukwa iwo sanafike pa malirewo. Kukweza ndi 10 dB ndiko kuchulukitsa mawati ka 10, ndipo tweeter imalandira zonsezo mwini wake akuona ngati phokoso silinakwere kwenikweni. Choncho ampulifaya yaikulu nayonso imapha tweeter mosavuta, kungoti imatero mawu akumveka bwino mpaka mphindi yomaliza.

Pali chinthu china chimene chimatikhudza ife ogwiritsa ntchito magetsi a 230 V amene nthawi zina amatsika madzulo kapena amachokera ku jenereta. Ma ampulifaya ambiri a transformer alibe chowongolera voliteji ya gawo lotulutsa mphamvu, ndiye magetsi akatsika kuchoka pa 230 V kufika pa 200 V, mawati amene makinawo angatulutse asanayambe kudula mafunde amatsika ndi pafupifupi gawo limodzi mwa magawo 4. Ampulifaya ya mawati 80 imasanduka ya mawati pafupifupi 60 popanda chizindikiro chilichonse.

Ku funso lanu loyamba lija, bambo, yankho ndi lakuti inde. Waya wa koyilo ukaduka, tweeter imakhala chete. Koma ikatenthedwa osafika poduka, guluu wogwira mawayawo amatupa kapena mizere ina imamasuka, ndipo koyilo imayamba kukhula m'mpata wa maginito. Tweeter yotero imalira, koma mosasa. Komabe sindikufuna kuti tithamangire pamenepo, chifukwa masipika a zaka zoposa 30 ali ndi matenda ena a ukalamba amene sakhudzana ndi phwando.

Mkonzi wa ku Limbe

Mayi anena bwino. Tsopano tigawe bokosilo pawiri, chifukwa mkati mwake muli zinthu ziwiri zokayikitsa, tweeter ndi crossover. Musanatsegule, chotsani nsalu yakutsogolo ndi kumvetseranso, kenako muyese masikuluwu a tweeter ndi a sipika ya mawu apakati ngati ali olimba. Ndakonzapo "tweeter yakufa" imene vuto lake linali sikuluwu imodzi yomasuka ndi waya wam'kati wogunda khoma la bokosi. Muonenso timapulagi takumbuyo, makamaka ngati pali tizitsulo tolumikiza gawo la besi ndi la treble, chifukwa dzimbiri pamenepo limafooketsa mawu okwera ndi kuwadula mwa apo ndi apo. Masipika ena akale, monga AR-3a, ali ndi zopotokola zochepetsera tweeter kumbuyo, ndipo zimadziwika kuti zimachita dzimbiri. Ngati anu ali nazo, zipotokoleni uku ndi uku mukumvetsera.

Zimenezi zikapanda kusintha kanthu, tulutsani ma tweeter onse awiri ndi kuwasinthanitsa. Samalani zinthu ziwiri. Maginito a tweeter amakoka sikuludiraiva mwadzidzidzi, ndipo ikapulumuka m'manja imapita molunjika pa dome, choncho dzanja lina liziphimba domeyo. Chachiwiri, jambulani mawaya musanawazule, chifukwa opanga ena amalumikiza tweeter mozondotsa dala kuti igwirizane ndi sipika ya mawu apakati, ndipo mukaibweza "molondola" malinga ndi mitundu ya mawaya mupanga dzenje m'mawu pamene ziwirizi zimakumana. Zili kunja choncho, yesani iliyonse ndi mita pa ma ohm. Simungathe kuyesa tweeter kuchokera ku mapulagi akumbuyo kwa bokosi, popeza kapasita ya mu crossover siilola magetsi a mita kudutsa. Tweeter yolembedwa 8 ohm imaonetsa cha m'ma 6 ohm, yolembedwa 4 ohm cha m'ma 3. Chofunika kwambiri si nambalayo koma kuti ziwirizo zifanane.

Wokonda Jazz, Area 47

Masikuluwu anali olimba ndipo zopotokola kulibe. Nditachotsera kukana kwa mawaya a mita, tweeter yakumanzere yaonetsa 6.1 ohm ndipo yakumanja 6.0 ohm. Nditazisinthanitsa, kusasa kwasamukira ku bokosi lakumanja limodzi ndi tweeter ija. Pa dome palibe chophwanyika chimene maso angaone.

Mayi Injiniya, Johannesburg

Zimenezi zatichotsera zambiri. Vuto likutsata tweeter, ndipo koyilo yake sinaduke kapena kulumikizana mizere yambiri, chifukwa zikanatero ma ohm akanatsika moonekera. Ine ndikukayikira ferrofluid, ndipo ndifotokoza motalikirapo chifukwa anthu ambiri amataya ma tweeter abwino pa chifukwa chimenechi.

Ferrofluid ndi mafuta osakanizidwa ndi tinthu tating'onoting'ono ta magnetite, ta kukula kwa pafupifupi ma nanomita 10, tokutidwa ndi mankhwala oletsa kuti tisamatirane. Anayambitsa ndi Steve Papell wa ku NASA mu 1963, pofuna njira yokokera mafuta a roketi ndi maginito kumene kulibe mphamvu yokokera pansi, ndipo opanga masipika anayamba kuwagwiritsa ntchito m'zaka za m'ma 1970. Amathiridwa m'mpata wopapatiza umene koyilo imayendamo, ndipo maginito amawagwira kuti asatayike. Ntchito zake ndi zitatu. Amachotsa kutentha pa koyilo kupita ku chitsulo cha maginito mofulumira kuposa mpweya, amathandiza kuti koyilo ikhale pakati, ndiponso amafewetsa kugwedezeka kwa tweeter pa resonance yake (pamene imagwedezeka mosavuta), imene pa ma dome ansalu a kukula kumeneku imakhala cha pakati pa 600 Hz ndi 1,500 Hz.

Pakapita zaka, mafutawo amauluka pang'onopang'ono, makamaka kumalo otentha, koma magnetite amatsala. Zotsalazo zimalimba mpaka kukhala ngati phula. Zikatero koyilo siyenda momasuka, ndipo mbali imene imayamba kuvutika ndi yakumunsi kwa gawo la tweeter, kuyambira 2 kHz mpaka 5 kHz, chifukwa kumeneko ndi kumene dome imafunika kuyenda kwambiri. Pa phokoso lofanana, frequency ikatsika ndi theka, mtunda umene dome iyenera kuyenda umachuluka ka 4. Notsi yomaliza ya piyano ili pa 4,186 Hz, choncho manotsi a kudzanja lamanja ndi ma harmonic awo oyambirira amagwera ndendende pamenepa, ndipo mphamvu ya "s" imayambira chapomwepo kupita m'mwamba. Mafutawo sauma mofanana kuzungulira mpata wonse, ndiye koyilo imagwidwa mbali imodzi n'kumapendekeka poyenda. Apa ndi pamene pamachokera kusasa limodzi ndi kufooka, zizindikiro ziwiri zimene munazitchula pachiyambi.

Mungathe kutsimikiza musanatsegule. Pulogalamu ya REW, imene analemba John Mulcahy ndipo imapezeka mwaulere, imayesa impedance, kukana kwa magetsi pa frequency iliyonse, pogwiritsa ntchito sound card ndi resistor imodzi yodziwika bwino kukula kwake. Amene ali ndi chipangizo choyesera cha DATS cha Dayton Audio amachita zomwezo mofulumira. Yesani ma tweeter onse awiri ali kunja kwa bokosi ndi kuika pamodzi mizere imene pulogalamuyo yajambula. Imene mafuta ake auma imaonetsa kaphiri ka resonance katasendera m'mwamba ndi kuphwatalala, mwina kusowa kumene. Ngati mukufuna kuyesa ndi khutu, gwiritsani ntchito sine sweep (liwu limodzi loyesera loyenda kuchokera ku besi kupita ku treble) tweeter ili m'bokosi kuseri kwa crossover yake, pa voliyumu yotsika, yosafika 1 V pa mapulagi, ndipo musaime pa frequency imodzi nthawi yaitali. Funde la sine losalekeza limatenthetsa koyilo kuposa nyimbo ya phokoso lofanana nalo.

Achimwene a ku Leeds

Ndikuvomera kuti ma ohm ofananawo akuchepetsa mphamvu ya ganizo langa, ngakhale sindikulitaya mpaka titaona mtundu wa koyiloyo. Koma ngati ndi ferrofluid, bwanji osangochotsa zonse n'kusiya mpatawo uli wouma? Ma tweeter ambiri odula a masiku ano alibe mafuta amenewa, ndipo anthu ena kuno amanena kuti mawu amamasuka akachotsedwa. Zimenezi zingapulumutsenso bambowa ku mavuto oitanitsa kabotolo kuchokera kunja.

Mayi Injiniya, Johannesburg

Achimwene, ma tweeter amene alibe ferrofluid anakonzedwa motero kuyambira pachiyambi. Ali ndi chipinda kumbuyo chotsitsira resonance ndi zofewetsa zina, ndipo crossover yawo inawerengedwa pa impedance imeneyo. Crossover ya makapasita ndi makoyilo siidziwa frequency payokha, imagawana voliteji ndi katundu amene yalumikizidwa naye. Mukachotsa mafuta mu tweeter imene inapangidwira mafuta, kaphiri ka impedance pa resonance kamakwera kwambiri, ndipo pamenepo crossover imalephera kuchepetsa mphamvu monga inayenera. Zotsatira zake ndi zakuti tweeter imalandira mphamvu yochuluka pa frequency imene imagwedezeka mosavuta, pa nthawi yomwe yataya njira yake yoziziritsira. Kumasuka kumene anthuwo amakumva nthawi zambiri ndi kukwera kwa mawu cha pa 1 kHz mpaka 2 kHz, kumene kumasangalatsa poyamba kenako n'kutopetsa makutu. Crossover yotsetsereka kwambiri, monga ya 24 dB pa octave (nthawi iliyonse frequency ikatsika ndi theka) imene Siegfried Linkwitz ndi Russ Riley anaifotokoza mu 1976, ingathe kupirira kusinthaku pang'ono. Ya 6 dB kapena 12 dB pa octave singapirire.

Mayi a ku Namiwawa

Pepani kulowerera, koma funso langa ndi la tweeter lomweli. Mwana wakankha dome ya sipika yathu ndi chala ndipo yalowa mkati. Ndi yachitsulo chowala. Kodi nayonso ingabweretse kusasa, ndipo ndingaikoke ndi tepi monga ena amanenera?

Mkonzi wa ku Limbe

Mayi, dome yansalu imakokeka ndi tepi yosamata kwambiri ndipo kawirikawiri imabwerera bwino. Yachitsulo ndi nkhani ina. Aluminiyamu kapena titanium ikapindika imasiya mkwinya, ndipo ngakhale itatuluka, kulimba kumene kumachititsa kuti dome yonse iyende pamodzi mpaka kupitirira 20 kHz kumakhala kutachepa. Mwina simumva kusiyana kwakukulu, koma ngati yapendeketsa koyilo idzasasa. Chofunika kwambiri ndi chakuti muyambe mwadziwa chitsulocho. Masipika ena, monga Yamaha NS-1000M ya mu 1974 ndi ma Focal ambiri a mtundu wa Utopia, ali ndi dome ya beryllium. Chitsulo chimenechi chimasweka m'malo mopindika, ndipo fumbi lake ndi loopsa ku mapapo. Ngati ndi imeneyo, musaikoke, musaipukute kapena kuipopa ndi makina okoka fumbi. Iphimbeni ndi tepi yaikulu popanda kuikanikiza, ndipo mufunse woimira kampaniyo za kusintha kwake.

Tibwerere kwa bambo a ku Area 47. Ine ndili mbali ya Mayi Injiniya, mafutawo abwezeretsedwe. Ntchito yake si yovuta koma imafuna dzanja lodekha, ndipo si tweeter iliyonse imene imatseguka. Zina zinamatidwa ndi guluu ndipo mukazikakamiza mudula timawaya tiwiri tochokera ku koyilo. Ngati yanu ili ndi masikuluwu ogwira mbale yakutsogolo ku maginito, lembani chizindikiro chosonyeza mmene inakhalira, mumasule, kenako mukweze dome ndi koyilo molunjika m'mwamba popanda kupotokola. Mafuta akakhala atalimba kwambiri koyilo imakana kutuluka, ndipo pamenepo musakoke mwamphamvu, ikani tweeter pamalo ofunda pang'ono kuti afewe.

Mpata wa maginito muuyeretse ndi timapepala tosasiya ulusi, monga pepala losefera khofi lodulidwa tizingwe, mukulowetsa ndi kuzunguliza mpaka pepala lituluke loyera. Kadontho ka isopropyl pa pepala kamathandiza pa zouma, koma kasafike pa dome kapena pa guluu wa koyilo. Pomaliza, pindani masking tape mbali yomata ili kunja n'kuidutsa mumpatamo kuti itole tizitsulo, chifukwa kachidutswa kamodzi kokha ka chitsulo kotsalira mmenemo kamabweretsa kusasa komweko kumene mukuthawa. Gwirirani ntchito patebulo pamene sipanapalidwepo chitsulo. Koyilo muipukute mopepuka ndi kuiyang'ana bwino pa kuwala. Ikakhala ya mtundu wa mkuwa ndi mizere yogona bwino, ili moyo. Ikakhala yakuda, yotupa kapena ndi mzere wotuluka pa anzake, achimwene a ku Leeds akhala atapambana.

Mafuta atsopano akhale opangidwira masipika. A kampani ya Ferrotec a mtundu wa APG ndi amene amadziwika kwambiri, ndipo amasiyana kulimba kwake, choncho uzani wogulitsa dzina la tweeter yanu kuti akupatseni oyenera. A ferrofluid ogulitsidwa ngati choseweretsa sayenera, amauma msanga. Muyeso wake ndi gawo laling'ono la mililita imodzi, wothiridwa ndi jakisoni wa pulasitiki pa malo angapo kuzungulira mpata, ndipo maginito amawafalitsa okha. Mukathira ochuluka amakwera mkati mwa dome n'kufooketsa mawu. Chitani ma tweeter onse awiri ndi muyeso wofanana, ngakhale inayo ikumveka bwino, chifukwa zonse zakalamba pamodzi.

Mnyamata wa Zimbale

A Mkonzi, nanga ngati bambowa akuopa kutsegula, vuto ndi chiyani kungogula ma tweeter atsopano abwino? SEAS ya ku Norway, Scan-Speak ya ku Denmark ndi SB Acoustics ya ku Indonesia amagulitsa ma dome a mamilimita 25 amene mwina ndi abwino kuposa akalewo.

Mkonzi wa ku Limbe

Ndi abwino ndithu, mng'ono wanga, koma ubwino wa tweeter payokha si umene ukufunika pano. Yatsopanoyo iyenera kufanana ndi yakale pa zinthu zingapo nthawi imodzi: phokoso limene imatulutsa pa 2.83 V, impedance, resonance, kukula kwa mbale yakutsogolo ndi kuya kwa malo amene dome yakhala. Kusiyana kwa 2 dB kokha pa phokoso kumasintha khalidwe la sipika yonse, ndipo kuti mukonze muyenera kusintha ma resistor a mu crossover muli ndi maikolofoni yoyesera, monga UMIK-1, osati ndi khutu lokha. Imeneyo ndi njira ya munthu amene koyilo yake yapsa ndipo dome yolowa m'malo siikupezekanso. Pa masipika odula ndi yomaliza, ndiponso imatsitsa mtengo wawo mukadzafuna kuwagulitsa.

Wokonda Jazz, Area 47

Ndabweranso ndi zotsatira. Ndisanatsegule ndinayesa impedance ndi REW, ndipo tweeter yosasayo inalibe kaphiri kooneka, pamene inzake inali nako kakang'ono. Zonse ziwiri zinali za masikuluwu. Mu yosasayo mafuta anali olimba ndi oderapo mbali imodzi ya mpata, ndipo mbali ina munali pafupifupi mouma. Mu inayo anali adakali ofewa koma ochepa. Makoyilo onse ndi a mtundu wa mkuwa, opanda kuda kulikonse. Mafuta atsopano atafika ndinatsata malangizo a a Mkonzi, ndipo tsopano mizere iwiri ya impedance ikugona pamodzi. Kusasa pa piyano ndi pa "s" kwatha. Chatsala ndi chimodzi. Bokosi lakumanja likumveka lakuthwa pang'ono pa mawu a malipenga kuposa lakumanzere, ndipo ndikasinthanitsa ma tweeter kuthwako kumatsalira pa bokosilo.

Achimwene a ku Leeds

Makoyilo a mtundu wa mkuwa andigonjetsa. Koma chatsalachi ndi makapasita, ndipo apa sindikayika. Chotsani onse akale a electrolytic muike a polypropylene, mudzamva ngati mwagula masipika atsopano.

Mayi Injiniya, Johannesburg

Kuti ndi crossover ndikugwirizana nazo, malinga bambo ayambe asinthanitsa malo a mabokosiwo m'chipinda, chifukwa zenera kapena khoma lopanda kanthu pafupi ndi bokosi lakumanja lingathe kubweretsa kuthwa komweko. Ngati kuthwako kukutsata bokosi, makapasita a electrolytic ndi oyamba kuwakayikira, popeza madzi a mkati mwake amasintha ndi zaka ndipo kukula kwawo kumasendera, nthawi zambiri m'mwamba. Chitsanzo chosavuta ndi ichi. Kapasita imodzi ya 4.7 µF kutsogolo kwa tweeter ya 8 ohm imayamba kudula cha pa 4,200 Hz. Ikasendera kufika pa 6 µF, malo odulirawo amatsikira cha pa 3,300 Hz, ndipo tweeter imayamba kuimba gawo limene sipika ya mawu apakati ikuimbanso. N'kutheka kuti tweeter yosasa ija inkabisa zimenezi, kapena kuti makutu anali otanganidwa ndi vuto lalikulu. Kuti muyese bwino, sungunulani mwendo umodzi wa kapasita iliyonse uchoke pa bolodi, apo ayi mita iwerenga dera lonse.

Pa za kuika polypropylene paliponse, ndikupempha kusamala. Kapasita ya electrolytic ili ndi kukana kwake kwam'kati, ESR, kumene wopanga sipika anakuwerengera pokonza mawu. Ya polypropylene ilibe pafupifupi kukana kulikonse, choncho tweeter imakwera pang'ono, ndipo pa masipika amene mwini wake akudandaula kale za kuthwa, kumeneko ndi kuwonjezera vuto.

Mkonzi wa ku Limbe

Ine ndimachita motere pa masipika a m'badwo umenewo. Makapasita aakulu a gawo la besi ndi la mawu apakati ndimawasintha ndi a electrolytic atsopano a mtundu wa bipolar, a kukula komweko, a 100 V kapena kuposa. Amene ali pa njira ya tweeter ndimaika a polypropylene chifukwa sasendera ndi zaka, koma ndimawonjezera resistor ya pakati pa 0.33 ndi 0.47 ohm, ya mawati 5 kapena 10, motsatizana nawo kuti ilowe m'malo mwa ESR yakale. Ndimasankha awiriawiri oyandikana kukula poyesa ndi mita, limodzi la bokosi lililonse, ndipo mabokosi onse ndimawachita nthawi imodzi. Muli mmenemo, yang'anani ma resistor a simenti ngati ali ndi ming'alu kapena ngati bolodi yada pansi pawo, ndiponso ngati pa njira ya tweeter pali kachipangizo kotetezera ka polyswitch, chifukwa kakagwira ntchito kambirimbiri kukana kwake kumatsalira m'mwamba ndipo mabokosi awiri amasiyana. Bambo, tumizani chithunzi cha bolodi mbali zonse ziwiri pamodzi ndi manambala amene mita ikuonetsa pa kapasita iliyonse ya bokosi lakumanja ndi lakumanzere, kuti tikuuzeni oyenera kuitanitsa.